Tsankho M'dziko Muno: Mbiri Yake ndi Anthu Amene Analifufuza

Abale ndi alongo athu m'Chisilamu, ndinso inu anansi athu a mipingo ina amene kabuku kano kagwera m'manja mwanu, tikuti Eid Mubarak. Tikuyamika Allah amene watifikitsa kumapeto kwa mwezi wa Ramadhan tili amoyo. Pa masamba a mbiri, chaka chino komiti ya mzikiti yaona kuti tikambe nkhani ya pakhomo pompano. Nkhaniyo ndi ya tsankho: kumene linachokera, mmene latikhudzira ife okhala kuno ku Mughese, ndi zimene anapeza anthu ophunzira amene anayenda m'midzi ndi mapepala kufunsa anthu maganizo awo pa anzawo a mtundu wina kapena chipembedzo china.

Tiyambe ndi malo athu ano. Mughese ili pamwamba pa mapiri a Misuku, m'dera la Mwenemisuku, pakati pa minda ya khofi ndi nthochi, kufupi ndi mtsinje wa Songwe umene utilekanitsa ndi Tanzania. Boma lathu la Chitipa, limene atsamunda ankalitcha Fort Hill, ndi lodziwika ndi kuchuluka kwa zilankhulo. Munthu akanyamuka kuno kutsikira ku Kapoka mpaka pa boma, m'khutu mwake mudutsa Chisukwa, Chindali, Chilambya, Chinyiha, Chinamwanga, Chimambwe, Chibemba ndi Chitumbuka, dzuwa lisanalowe. Akatswiri a Centre for Language Studies a ku Zomba atachita kafukufuku wa zilankhulo za chigawo cha kumpoto m'chaka cha 2006, anatsimikiza zomwe agogo athu ankazidziwa kale, zoti kuno kulankhula mosiyana ndi mnzako si chinthu chodabwitsa. Koma pa chipembedzo zinthu n'zosiyana. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu ndi 13.8 pa anthu 100 aliwonse m'Malawi, ndipo ambiri mwa iwo ali ku Mangochi, Machinga, Balaka, Salima ndi Nkhotakota. Kuno ndife ochepa kwambiri, moti pa Ijumaa timadziwana tonse maina. Munthu wochepa pakati pa ambiri amafuna kudziwa chimene anansi ake akuganiza za iye. N'chifukwa chake nkhani ya ofufuza aja ikutikhudza.

Pali dzina limene sitingalilambalale tikamakamba za Chisilamu kumpoto kuno, ndipo dzinalo ndi Mlozi. Iyeyu anali wamalonda wa minyanga ndi akapolo amene anamanga malinga ake ku Mpata, m'chigwa cha Rukuru pa njira yochokera ku Karonga kukwera kuno, pamodzi ndi anzake Kopakopa ndi Msalemu. M'chaka cha 1887 anthu ake anathira nkhondo Ankhonde, ndipo ambiri anafera m'bango la ku Kambwe kumene anathawira, litayatsidwa moto. Azungu a kampani ya African Lakes analimbana naye zaka zingapo osamugonjetsa, mpaka Harry Johnston anagumula linga lake ndi kumupachika mu Disembala 1895. Ife sitibisa mawu apa: zimene Mlozi anachita zinali zoipa, ndipo kukhala kwake Msilamu sikuchotsa magazi a anthu aja. Chimene tikufuna muone n'chakuti kwa anthu ambiri a ku Karonga ndi Chitipa, Msilamu woyamba kumumva anali wogulitsa anthu, pomwe Mkhristu woyamba kumuona anali mphunzitsi wa mishoni ya Livingstonia atanyamula buku. Chithunzi chimenechi chinalowa m'mabuku a sukulu, ana n'kumachiloweza pokonzekera mayeso. Zakuti nawonso maiko achikhristu a ku Ulaya anadzaza zombo ndi akapolo kwa zaka mazana, kapena kuti Angoni ndi Abemba amene sanali Asilamu nawonso ankagwira anthu, sizinkamveka mokweza chotero. Mwana wachisilamu wobadwa zaka 100 Mlozi atafa ankafunsidwabe mlandu wa ku Kambwe pa bwalo la sukulu.

Chachiwiri ndi sukulu yomweyo. M'nthawi ya atsamunda pafupifupi sukulu zonse zinali m'manja mwa mishoni, ndipo boma linakhazikitsa nthambi yake ya maphunziro mochedwa, m'chaka cha 1926. Makolo achisilamu kumwera ndi kunyanja ankaopa kuti mwana akapita kusukulu akabwerako ali ndi dzina lina, atabatizidwa, akudya zimene kwawo sadya. Mantha amenewa sanali opanda maziko. Tsono ambiri anasunga ana awo ku madrasa basi. Zotsatira zake tonse tikuzidziwa: pofika nthawi ya ufulu mu 1964, akalaliki, aphunzitsi ndi anamwino anali ochokera m'mipingo, pomwe Asilamu ambiri anali atelala, asodzi, ophika m'nyumba za azungu, alonda ndi ogulitsa m'sitolo za amwenye. Kenaka anthu anayamba kunena kuti Asilamu sakonda sukulu, ngati kuti n'chibadwa chawo. Umu ndi mmene tsankho limagwirira ntchito: limayamba lakutsekera chitseko, kenaka n'kumakuseka kuti n'chifukwa chiyani uli panja.

Koma tisaganize kuti olira ndife tokha. Anansi athu omwewa, amene sukulu za mishoni zinawatsegulira njira, anadzalawa tsankho la mtundu wina m'nthawi ya chipani chimodzi. Mu 1968 msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party unagamula kuti Chichewa ndi Chingerezi ndizo zilankhulo za dziko, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'nyuzi. Ngati Chitumbuka chinachotsedwa, nanga Chisukwa ndi Chindali chikanaonekera pati? Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kunabwera ndondomeko ya kota, yosankhira ophunzira ku yunivesite potengera boma limene munthu akuchokera. Ndiye mu 1989 Dr Kamuzu Banda analamula kuti aphunzitsi abwerere ku zigawo za kwawo, ponena kuti aphunzitsi a kumpoto sankaphunzitsa bwino ana a m'zigawo zina. Akuluakulu a kuno akukumbuka mabanja amene anafika ndi katundu pa malole, ena atasiya akazi kapena amuna awo kumwera, ana osadziwa n'komwe chilankhulo cha kwawo kwa bambo awo. A Mboni za Yehova nawo analetsedwa mu 1967, anamenyedwa ndi kuthawira ku Zambia ndi Mozambique, ndipo chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Paja akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Za kota ija tiimepo pang'ono, poti imatiika ife Asilamu a kumpoto pa mphambano. Khoti linaikana mu 1993, inabwereranso mu 2009 m'nthawi ya Bingu wa Mutharika, ndipo inathetsedwa mu 2020. Kuno anthu ambiri ankaiona ngati mpanda wotchingira ana awo amene akhoza bwino mayeso. Koma kunalinso ena amene ankati ndondomekoyo ikweza maboma otsalira pa maphunziro, ndipo ena mwa maboma otsalirawo ndi omwe kuli abale athu ambiri m'Chisilamu. Mwana wa Msilamu wa ku Mughese anali wa kumpoto pa fomu ya ku yunivesite, koma pa bwalo la mpira anzake ankamuti Mchawa. Ife tikuona kuti kota inali mankhwala olakwika pa matenda enieni. Matendawo anali kusowa kwa sukulu zabwino m'maboma ena, ndipo sachira pomulanda malo mwana wa ku Chitipa.

Zaka za 1992 mpaka 1995 zinabweretsa chiyembekezo. Mabishopu a Katolika anatulutsa kalata yawo pa 8 Malichi 1992. Chaka chomwecho kunabadwa bungwe la Public Affairs Committee, mmene atsogoleri a mipingo ndi a Muslim Association of Malawi anakhala pa mkeka umodzi pokambirana ndi boma. Riferendamu inachitika pa 14 Juni 1993, ndipo mu Meyi 1994 dziko limene anthu ake ambiri ndi Akhristu linasankha Msilamu, Bakili Muluzi, kukhala pulezidenti. Malamulo atsopano oyendetsera dziko, mu gawo 20, analetsa kusala munthu chifukwa cha mtundu, khungu, chilankhulo, chipembedzo, kukhala mwamuna kapena mkazi, ndi zina zotero. Chitumbuka chinabwerera pa wailesi. Tsiku la Eid-ul-Fitr, limene tikukondwerera leroli, linakhala tchuthi cha dziko lonse m'nthawi ya ulamuliro umenewo. Ambiri tinkati basi, tsankho lapita ndi chipani chimodzi.

Komatu mavoti a 1994 omwewo anaonetsa mng'alu. Kumpoto kunavotera Chakufwa Chihana, pakati Dr Banda, kumwera Muluzi. Ndipo pa chisankho cha mu Juni 1999, pamene Gwanda Chakuamba anaima pamodzi ndi Chihana koma Muluzi n'kupambananso, mkwiyo unabuka kumpoto kuno. Mizikiti ingapo inatenthedwa, ndipo mabanja achisilamu ndi anthu ochokera kumwera anaonongeredwa katundu, ena n'kuthawa. Funso limene takhala tikudzifunsa ndi ili: kodi anthu amene anayatsa moto uja anali atawerenga chiyani cha Chisilamu chimene chinawakwiyitsa usiku umodzi? Palibe. Dzulo lake ankagula nsomba ndi kusoketsa malaya kwa anthu omwewo. Mzikiti unapsa chifukwa unaoneka ngati mbendera ya chipani cha pulezidenti.

Apa ndi pamene ntchito ya ofufuza ikutithandiza. Mu 2001 katswiri wa ku America dzina lake Daniel Posner anachita kafukufuku m'midzi inayi ya m'malire a Malawi ndi Zambia, iwiri ya Achewa ndi iwiri ya Atumbuka, mbali iliyonse ya malire mudzi wa Achewa ndi mudzi wa Atumbuka. Midziyi ndi yoyandikana, miyambo yake ndi yofanana, chosiyana ndi dziko lokha. Anafunsa anthu ngati angavotere munthu wa mtundu winawo kukhala pulezidenti, ndiponso ngati angakwatirane naye. Zotsatira, zimene zinasindikizidwa mu 2004, zinaonetsa kuti ku Malawi Achewa ndi Atumbuka ankakanana kwambiri kuposa ku Zambia, kumene mitundu iwiriyi imadziona ngati abale a kum'mawa. Iye anafotokoza kuti ku Malawi mitundu iwiriyi ndi ikuluikulu poyerekeza ndi dziko lonse, choncho andale amapindula akaisonkhezera kuti ipikisane, pomwe ku Zambia ndi yaing'ono moti wandale sapeza phindu poigawanitsa. Kunena mwachidule, kusiyana kwa miyambo kulipo mbali zonse ziwiri, koma kumasanduka udani pokhapokha wina akaona kuti adyapo. Ife titamva zimenezi tinakumbukira 1999.

Kafukufuku wina ndi wa bungwe la Afrobarometer, limene linayamba kufunsa anthu maganizo awo mu 1999, Malawi ali m'gulu la maiko oyambirira. M'zaka za 2014 ndi 2015 anafunsa anthu m'maiko 33 a mu Africa ngati angakonde, angakane, kapena sangadandaule kukhala moyandikana ndi munthu wosiyana nawo. Lipoti lake linatuluka mu 2016, ndipo mmodzi mwa olilemba anali Mmalawi, Boniface Dulani wa ku Chancellor College. Anapeza kuti anthu 91 pa 100 aliwonse analibe vuto ndi mnansi wa mtundu wina, 87 analibe vuto ndi wa chipembedzo china, 81 ndi wochokera kunja, ndipo 68 ndi munthu amene ali ndi kachilombo ka HIV. Manambala amenewa ndi okondweretsa, ndipo akugwirizana ndi zimene timaona masiku ambiri: pa maliro kuno sipafunsidwa kuti wakumba manda ndi wa mpingo uti.

Komabe ife tili ndi kachikaiko pa funso lotere. Mlendo wovala bwino akafika pakhomo ndi pepala n'kufunsa kuti, “Kodi bambo, mungakhale ndi Msilamu pafupi?” ndani angayankhe kuti ayi? Ulemu wathu wa Chimalawi sulola. Ndipo ofufuza eni ake anazindikira kalekale kuti pakamwa ndi manja siziyendera limodzi. Ku America, Richard LaPiere anayenda ndi banja lina la ku China kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, nthawi imene anthu a ku China ankasalidwa kwambiri kumeneko. Anafika pa malo ogona ndi odyera 251, ndipo anakanidwa malo amodzi okha. Pambuyo pake analembera makalata malo omwewo kufunsa ngati angalandire alendo a ku China, ndipo mwa amene anayankha, oposa 90 pa 100 aliwonse anati sangawalandire. Kumeneko anthu analankhula zoipa koma anachita zabwino. Kwathu kuno mantha athu ndi akuti zikhoza kutembenuzika: kulankhula zabwino kwa mlendo wa pepala, koma kuchita zina tsiku lolengeza zotsatira za chisankho. Kafukufuku amayeza mtima wa munthu tsiku la mtendere, ali pakhonde pake. Tsiku limene gulu likuthamanga ndi miuni, wofufuza sakhalapo.

Tsono nanga chothandiza n'chiyani? Katswiri wina, Gordon Allport, analemba mu 1954 kuti kukumana kokha sikuthetsa tsankho. Anati anthu osiyana amasiya kunyozana akakumana ngati ofanana, akugwira ntchito imodzi yofuna kuthandizana, ndipo atsogoleri ndi malamulo akuvomereza. Mawu amenewa kwa ife si achilendo. Pitani pa malo okonzera khofi nthawi yokolola mukaone: sikelo siifunsa kuti thumba ili ndi la Msukwa, la Mndali kapena la Msilamu, ndipo khofi wa mmodzi akaipa mtengo umagwera onse. Onaninso mwambo umene uli ponseponse m'dziko muno, woti pa ukwati kapena pa maliro eni ake amaitana Msilamu kuti adzazinge mbuzi kapena ng'ombe, n'cholinga choti aliyense adye mosakaika. Palibe boma limene linalamula zimenezo. Anthu anaziyamba okha, ndipo kwa ife n'zolemera kuposa misonkhano yambiri ya m'mahotela.

Pamene zavuta, kukhala pansi kwathandizapo. Mu Novembala 2019 ku Balaka kunabuka ziwawa atsikana achisilamu atabwezedwa pa sukulu ina ya mpingo chifukwa chovala hijabu. Anthu anavulala, ndipo mzikiti, tchalitchi ndi sukulu zinaonongeka. A Public Affairs Committee anasonkhanitsa mbali zonse, ndipo mu 2021 atsogoleri a mipingo ndi a Chisilamu anasainirana pangano lolola hijabu yogwirizana ndi mtundu wa yunifolomu m'sukulu za mipingo zothandizidwa ndi boma. Zinatenga nthawi, ndipo aliyense anasiyako kena kake. Mkangano umenewu ndi mdzukulu wa mantha aja a makolo athu pa sukulu za mishoni, kungoti tsopano makolo akulimbirana kuti mwana wamkazi alowe m'kalasi, osati kuti akhale kunyumba.

Tingakhale osalungama titaloza chala kunja kokha. M'nyumba mwathu momwe muli zogawanitsa. Kuyambira kale Asilamu a dziko lino akhala akukangana pa za zikiri pa maliro, ena akuti tiimbe, ena akuti sukuti, mpaka mabanja kuleka kudyerana. Pali kusiyana pakati pa Msilamu wolemera wa m'tauni ndi wa kumudzi. Pali chizolowezi choona Chisilamu ngati cha Ayao okha, moti Msukwa kapena Mlambya akalowa Chisilamu ena amamuyang'ana ngati mlendo pa mkeka wake womwe. Palinso mayi ndi mtsikana, amene mawu awo safika kawirikawiri pa msonkhano wa komiti. Chikhalirecho woitanira swala woyamba m'Chisilamu anali Bilal, munthu wakuda amene anali kapolo, ndipo Mtumiki Muhammad (SAW) pa ulaliki wake wotsanzika mu 632 anakana zoti Mwarabu n'ngoposa munthu wa mtundu wina. Ndime 13 ya Surat Al-Hujurat, imene mashehe athu amakonda kuiwerenga, ikukamba za cholinga cha kusiyana kwa mitundu, ndipo cholingacho ndi kudziwana. Wofufuza atabwera kudzatifunsa ife ngati tingapereke mwana wathu kwa Msilamu wa mtundu wina, kapena ngati tingasankhe Mndali kukhala wapampando wa komiti, tingayankhe chiyani? Ndipo yankholo lingafanane ndi zochita zathu?

Kafukufuku wamkulu wa dziko lonse amafunsa anthu ochepa m'boma lililonse, choncho mudzi ngati wathu sumveka paokha. Pa chifukwa chimenechi komiti yaganiza kuti Eid ikatha tiyambe kufunsa tokha, mwaulemu, titapempha chilolezo kwa mafumu. Tikufuna achinyamata aziyenda awiriawiri, mmodzi wa kumzikiti ndi mmodzi wa kumpingo, ngati abusa ndi akulu a mipingo atilola, ndipo amayi afunsidwe ndi amayi anzawo. Mafunso akhale m'Chisukwa ndi Chindali, osati m'Chichewa chokha, pakuti agogo amamasuka m'chilankhulo chimene amalotera. Tisafunse kuti “mungatani”, koma kuti “munatani”: ndani anakuthandizani kusenza maliro omaliza pakhomo pano, munadyapo liti m'nyumba ya munthu wa chipembedzo china, mwana wanu anatchedwapo dzina lanji kusukulu, munali kuti mu 1989 ndi mu 1999 ndipo munaona chiyani. Maina a oyankha sadzalembedwa. Zimene tidzapeze tidzaziwerenga poyera pamaso pa mafumu, a mipingo ndi aphunzitsi, zokoma ndi zowawa zomwe, chisankho china chisanayandikire. Amene ali ndi makope osagwiritsa ntchito, zolembera, kapena foni yotha kujambula mawu, aonane ndi mlembi wa komiti ikatha swala ya Ijumaa ikubwerayi.